Ya bokosi timasonkha, nanga ya dipoziti?

## "Ndapeza malo m'tauni"

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anatsika basi pa Park Station mu Joni muno kumayambiriro kwa 2023 ali ndi kachikwama kamodzi ndi jumbo ya ufa umene mayi ake anatipatsira. Anafikira kwanga, monga mwa mwambo wake. Tinkamuyalira matilesi pakati pa bedi ndi chitseko, m'mawa n'kuwaimika kukhoma. Zinkayenda bwinobwino mpaka pamene mwini nyumba anayamba kuwerenga mitu. Inu amene mumachita lendi zipinda za kuseri ku Rosettenville kuno mukudziwa mmene zimakhalira: munthu akawonjezereka, ya madzi ikwera, akakhalitsa, lendi nayo ikwera. Palibe anamuuza mnyamatayo kuti achoke. Anangoona yekha mmene mayi akunyumba ankavutikira posintha zovala atadzikulunga chitenje, ndi mmene mwini nyumba ankasuzumira pa mita ya madzi iye akangolowa m'bafa.

Tsiku lina madzulo tikudya anati, "Malume, ndapeza malo m'tauni. Ndi pafupi ndi kuganyu."

"Ndi abwino?"

"Ndi abwino ndithu."

Ganyu wake anali wotsuka magalimoto masana, madzulo n'kumakatsitsa katundu pa sitolo ina ya hoselo. Lamlungu lililonse ankabwera kudzadya nafe nsima atasamba, malaya ositasita, nsapato zikuwala. Munthu wooneka choncho sumufunsa kawiri.

Ndiye pa 10 July kunagwa sinowo mu Joni muno. Ife a ku Dedza timadzitama kuti kuzizira timakudziwa, koma tsiku limenelo zala zinakanika kulowetsa ulusi pa singano ya makina. Anthu anali kalikiliki kujambula ndi kutumiza kumudzi. Nthawi ya nkhomaliro isanakwane, mlongo wanga anaimba.

"Achimwene, tamva kuti kumeneko kukugwa madzi oundana. Mwanayo bulangete ali nalo?"

Ndinamulonjeza kuti ndikamuona tsiku lomwelo. Ndinatseka shopu, n'kukagula bulangete lochindikala, n'kumuimbira mphwanga kuti ndikubwera. Anati tikumane pakona. Ndinati ayi, ndikufuna ndikaone pamene bulangeteli likagone. Pa foni panadutsa kanthawi osayankha, kenako anati, "Chabwino, malume."

## Mamita awiri

Nyumbayo sindiitchula dzina, chifukwa anthu akadalimo. Ndi imodzi mwa nyumba zosanja za m'katikati mwa tauni zimene anzathu a Chizulu amazitcha mnyamandawo. Kale munali maofesi. Dzina la kampani likuonekabe pamwamba pa khomo, zilembo zina zitathothoka. Pa geti panali anyamata atatu atakhala pa makireti. Mmodzi anafunsa mphwanga kuti ndine ndani, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, maso ake n'kutsalira pa bulangete. Tinalowa.

Kunja kunali masana, koma titangodutsa geti mphwanga anayatsa tochi ya foni. Loyamba kutilandira linali fungo: mkodzo, palafini, zinyalala zonyowa, ndi kabichi amene wina ankaphika kwinakwake. Masitepe analibe zogwirira. Zitsulo zake anazula kalekale n'kukagulitsa kwa a sikirapu. Pamene panali chikepe panangotsala dzenje, ndipo a m'mwamba ankaponyamo zinyalala. Tinapatukira mayi wina amene ankakwera ndi chigubu cha malita 20 pamutu, mwana kumbuyo. Madzi amatunga pansi, pa paipi imene wina anaboola. Anatipatsa moni m'Chixhosa, akupuma mwawefuwefu.

Pansanjika yachitatu panali geti lina lachitsulo, la loko wamkulu. Kuseri kwake, holo imene kale inali ofesi imodzi anaidula tizipindatizipinda ndi mabolodi, makatoni, mapaleti ndi makatani. Mawaya ankalendewera m'mwamba, olumikizalumikiza ndi tepi, koma sabata imeneyo magetsi munalibe. Kuseri kwa katani iliyonse kunkamveka kanthu: wailesi, chifuwa, mwana akulira, Chiswahili, Chiyao, Chizulu.

Ine ndine telala, maso anga amayeza okha. Malo a mphwanga anali mamita awiri m'litali, m'lifupi mita imodzi ndi theka. Munali matilesi, ndowa, chitofu cha palafini, poto mmodzi, ndi msomali wopachikapo zovala za Lamlungu zija, zili m'pulasitiki kuti zisalowe utsi. Zenera analitseka ndi katoni. Matilesiwo sanali ake yekha. Ankagawana ndi mnyamata wa ku Mangochi amene amalondera usiku: uyu akamadzuka, winayo ndiye akufika, ndipo pogona sipazizira. Ankalipira R600 pamwezi, aliyense R300, kwa anyamata a pa geti aja. Lisiti panalibe.

Ndinakhala pa ndowa, n'kufunsa za geti la lokolo. Anati amakhoma 10 koloko usiku, kiyi amasunga bambo wina wa kumapeto kwa holo, chifukwa kale akuba ankalowa n'kumalanda mafoni anthu ali m'tulo.

"Nanga iwe, moto utabuka muno mungatulukire pati?"

Anaseka pang'ono. "Malume, muno anthu amaopa akuba. Za moto tilibe nazo nthawi."

Kenako anatulutsa foni n'kundionetsa zithunzi zimene amatumiza kumudzi. Ali pa Sandton, waima pafupi ndi chiboliboli cha Mandela, wavala malaya a pamsomali aja. Anapitako kamodzi kokha kukajambulitsa, ndipo zithunzizo amatumiza chimodzichimodzi kuti zisathe msanga. Anandionetsanso mauthenga a Mukuru: iyi ya feteleza, iyi ya fizi ya mng'ono wake, iyi ya malata. Nyumba ya mayi ake inali itafoleredwa kale mbali imodzi. Ndinawerengera chamumtima. Akanachita lendi chipinda chenicheni, malatawo sakanagulidwa.

Potuluka anandiunikira mpaka pansi. Tili pa masitepe anandigwira mkono.

"Malume, musakawauze amayi."

Kwathu mwana wa mlongo wako ndi wako. Akadwala, akapalamula, akafuna kukwatira, anthu amafunsa iwe malume. Ndinatuluka m'nyumba ija ndikudziwa kuti china chake chitachitika, amene adzaimirire pamaso pa mfumu ndi mbumba yonse kufotokoza kuti mwanayu ankagona pati ndi ineyo.

## Pakati pa khonde ndi fulati palibe kanthu

Masabata otsatira tinayamba kufunafuna. Tinayambira ku mafulati a makampani, aja a alonda pakhomo ndi geti lotsegula ndi chala. Kulikonse zofuna zinali zofanana: chiphaso cha dziko lino kapena pemiti, payslip, sitetimenti ya ku banki ya miyezi itatu, dipoziti, lendi ya mwezi woyamba, ndi ina yolembera mgwirizano. Munthu wolandira pamanja madzulo alionse, amene pasipoti yake ili ndi chidindo cha masiku 30 chimene chinatha kale, amabwerera pakhomo pomwepo.

Nyumba za boma za RDP si zathu, ndipo pamenepo sindikudandaula. Ndi za nzika kapena amene ali ndi chilolezo chokhazikika, a banja lopeza zosapitirira R3,500 pamwezi, ndipo eni dziko enieniwo amadikira zaka ndi zaka. Khonsolo ili ndi kampani yake ya nyumba za lendi yotsikirapo, JOSHCO, imene inayamba mu 2004. Nayo imafuna mapepala ndi umboni wa malipiro a mwezi ndi mwezi. Mu 2019 khonsolo inakhazikitsa mfundo yakuti womanga mafulati 20 kapena kuposerapo apatule 30 pa 100 alionse kuti akhale a anthu opeza mocheperapo. Ndi mfundo yabwino kwa kalaliki kapena namwino wongoyamba ntchito. Wotsuka magalimoto siimufika.

Taonani masamu ake. Mu 2023 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anali R25.42 pa ola. Wogwira maola 45 pa sabata ankapeza pafupifupi R5,000 pamwezi, ndipo ambiri a ife, ngakhalenso eni dziko ambiri odalira maganyu, pamenepo safikapo. Bungwe la maloya la SERI linaonetsa kale mu 2013 kuti pafupifupi theka la mabanja a m'katikati mwa Joni ankapeza zosakwana R3,200 pamwezi, pamene zipinda za lendi yoti anthu oterewa angaikwanitse zinali zosowa kwambiri. Ndiye munthu amene angathe R600 kapena R800 alowere kuti? Makampani alibe chomugulitsa, boma lilibe chomupatsa. Amene ali ndi katundu wa mtengo umenewo ndi anyamata a pa makireti aja basi.

Anthu amati nyumbazi zinabedwa, ndipo n'zoona kuti zina zili m'manja mwa zigawenga za mfuti. Koma zambiri eni ake anayamba ndi kuzithawa, m'zaka zija makampani ankasamukira ku Sandton, n'kusiya ngongole za madzi ndi magetsi zikuunjikana. Anthu sanalowemo chifukwa chokonda mdima. Ndi pokhapo pamene ungagone n'kudzuka kuyenda wapansi kupita kuganyu, osawononga ya tekisi.

Tinayesanso ku shelter ina ya anthu a mpingo. Anatilandira mwaulemu, ngakhale tiyi anatipatsa. Mabedi anali odzaza, koma ngakhale akanakhalapo, dongosolo lake ndi la munthu wongogona usiku: ulowe dzuwa likamalowa, utuluke m'mawa ndi katundu wako yense. Mphwanga amaweruka kotsitsa katundu geti litatsekedwa kale. Nanga poto ndi chitofu akazisiya kuti? Tikutuluka anandiyang'ana ngati ndamutukwana.

"Malume, awa ndi malo a anthu osowa pokhala. Ine pokhala ndili napo."

Ndipotu boma likugwirizana naye. Kalembera wa 2022 anapeza anthu 55,719 osowa pokhala mu South Africa yense, ogona m'misewu ndi m'ma shelter. Wa kuseri kwa katani sali m'chiwerengero chimenecho, poti ali ndi denga. Nafenso timaganiza chimodzimodzi. Tikamadutsa anthu ogona pansi pa milatho ya msewu wa M2 kapena ku Joubert Park timati "anthu awo", ngati kuti tatalikirana nawo kwambiri, chonsecho chotisiyanitsa ndi lendi ya mwezi umodzi.

## Kabuku ka mlembi

Usiku wolowera pa 31 August 2023, cha m'ma 1 koloko, moto unabuka pa 80 Albert Street ku Marshalltown, m'nyumba ya nsanjika zisanu yotchedwa Usindiso. Foni yanga inayamba kulira kusanache, chifukwa ine ndine mlembi wa gulu lathu la maliro. Tilimo a ku Dedza, Ntcheu, Balaka, Machinga ndi Mangochi, Akhristu ndi Asilamu, ndipo timasonkha mwezi ndi mwezi kuti wina akatisiya akagone kwawo. Onse oimbawo funso lawo linali limodzi: mwa anthu athu, ndani amakhala m'menemo?

Ndinatsegula kabuku. Muli dzina la munthu, mudzi wake, mfumu yaikulu, boma, nambala ya m'bale wa kumudzi, ngakhalenso mpingo kapena mzikiti umene udzayendetse mwambo. Zonsezi zinalembedwa mwaukhondo. Koma pa mzere wa kumene munthu akukhala kunoko, ena analemba "Town", ena "Jeppe", ambiri sanalembepo kanthu. Manda a munthu aliyense tinkawadziwa. Pamene anagona usiku umenewo ndiye ayi.

Tinayamba kuimbira mmodzimmodzi. Foni ya mphwanga inali yozima. Ndinkadziwa kuti nyumba yake si imeneyo, koma mtima sunakhazikike, ndinangozindikira ndili m'tekisi. Pa Albert Street apolisi anali atatchinga msewu. M'mazenera munkalendewera mabulangete ndi mashiti omangidwa mfundo, amene anthu anatsikirapo. Ena analibe nthawi yomanga, anangodumpha. Ena anaponya ana kwa anthu amene anali pansi. Mitembo inali itandandalikidwa pamsewu, yofunditsidwa. Chapambali panakhala amayi, ndipo maliro amene ankalira anali a Chichewa ndi Chiyao, kulira kwa kwathu kuja, kotchula dzina n'kumafunsa kuti anawa wawasiyira yani. Mphwanga ndinamupeza masana akutsuka galimoto. Batire linali litatha, poti kwawo magetsi kunalibe.

Anthu 76 anafa, ndipo 12 mwa iwo anali ana. Amalawi anali osachepera 20. Munalinso a ku Tanzania ndi eni dziko ambiri. Matupi ambiri anapsa moti sankazindikirika, abale ankachita kupita ku mochale ya ku Diepkloof kukapereka DNA. Zimene opulumuka ankafotokoza ndi zomwe zija ine ndinaziona ndi maso masabata angapo m'mbuyomo m'nyumba ina: tizipinda ta matabwa ndi makatoni, njira zotsekeka, ndi geti lokhoma pamene anthu ambiri anafera atapanikizana.

Chimene ambiri kumudzi sanamve n'chakuti nyumbayo inali ya khonsolo ya mzinda. Nthawi ya tsankho inali ofesi ya ziphaso, kumene munthu wakuda ankauzidwa ngati waloledwa kukhala mu Joni kapena abwerere kumene anachokera. Pambuyo pake inasanduka shelter ya amayi ndi ana othawa nkhanza. Bungwe loyendetsa malowo litafooka, nyumbayo inatsala yopanda woiyang'anira, zigawenga n'kuyamba kutolera lendi. Sinali nyumba ya mzungu wina amene anathawira kunja ayi. Inali shelter, m'nyumba ya boma, imene inangosiyidwa.

## Malamulo alipo, malo ndiwo kulibe

Masiku oyambawo akuluakulu ena a mzinda analoza chala alendo ndi mabungwe a maloya, n'kumati ndiwo amaletsa khonsolo kutulutsa anthu m'nyumba zoterezi. Komiti yofufuza imene anaitsogolera Jaji Sisi Khampepe inamva mboni zambiri, kuphatikizapo mwamuna wina amene mu January 2024 anauza komitiyo kuti ndiye anayatsa motowo pofuna kubisa thupi la munthu amene anamupha. Koma lipoti la mu May 2024 silinathere pa munthu mmodziyo. Linati khonsolo ndi kampani yake yoyang'anira malo ankadziwa kwa zaka mmene nyumbayo inalili, sanachitepo kanthu, ndipo ali ndi mlandu pa zimene zinachitika. Kaya machesi anakhwatcha ndani, amene anailekerera nyumba mpaka kusanduka nkhuni ndi mwini wake.

Zonamizira maloya zija sizimveka. Malamulo a dziko lino saletsa kutulutsa anthu m'nyumba yoopsa. Gawo 26 la malamulo aakulu ndi lamulo la PIE la 1998 amati munthu asatulutsidwe pakhomo pake popanda chigamulo cha khothi. Mu 2011, pa mlandu wa Blue Moonlight, wokhudza anthu oposa 80 a pa Saratoga Avenue ku Berea, khothi loona za malamulo aakulu linagamula kuti ngati kutulutsako kukasiye anthu pamsewu, khonsolo iwapezere pogona pongoyembekezera, ngakhale nyumbayo ikhale ya munthu wamba. Ena mwa anthu amenewo anakawaika ku shelter ya Ekuthuleni, kumene ankawatsekera kunja kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5:30 madzulo, ndipo mwamuna ndi mkazi wake ankagona kosiyana. Anabwereranso kukhothi, ndipo mu 2017, pa mlandu wa Dladla, malamulo a pa shelter amenewo anathetsedwa. Choncho chilolezo chotulutsira anthu sichikusowa. Akusowa ndi malo okawaika, chifukwa sanakonzedwe okwanira. Mayi Irene Grootboom a ku Cape Town, amene mlandu wawo wa mu 2000 ndi umene milandu yonseyi imatsamira, anamwalira mu 2008 akadali mu mkhukhu.

Opulumuka a ku Usindiso ambiri anayamba asungidwa mu holo ya Hofland Park ku Bez Valley. Mu November anawasamutsira ku timikhukhu ta malata ku Denver, dera la mafakitale, kumene mvula itagwa madzi analowa m'nyumba. Ena amene analibe mapepala anatengedwa kupita ku Lindela, kumene amasungira alendo oyembekezera kubwezedwa kwawo. Anzathu ambiri sanadikire n'komwe zimenezo. Tsiku lomwelo la moto anakana kukwera mabasi opita ku malo osungirako anthu poopa kugwidwa, n'kubalalikira m'nyumba zina zamdima.

Sindikuti ife ndife angelo. Ambiri tinapyola masiku a pa chidindo, ndipo timadziwa. Pakati pa otolera lendi m'nyumba zimenezi palinso olankhula chinenero chathu, amene amadikirira anyamata ongotsika basi. Ndipo zithunzi za pa Sandton zimene zimakoka ena kumudzi timatumiza ndi ife tomwe. Koma ngakhale Amalawi tonse titakwera basi mawa, mayi wa chigubu uja wolankhula Chixhosa adzatsala akukwera masitepe omwewo.

## Msonkhano wa m'galaja

Gulu lathu limakumana Lamlungu loyamba la mwezi m'galaja ya mmodzi wa ife ku Turffontein. Pa nkhani ya maliro palibe angatiphunzitse. Mapepala ofunika timawadziwa, woimbira ku ofesi ya kazembe timamudziwa, galimoto yodalirika yodutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kukalowera pa Dedza kapena pa Mwanza timaidziwa. Ndalama zake ndi zambiri, zoposa lendi ya chipinda ya chaka chathunthu, koma zikafunika zimapezeka sabata isanathe. Ngakhale uja sanaonekeko ku msonkhano chaka chonse, akangomva kuti kwagwa zovuta amapisa m'thumba.

Zovuta za ku Albert Street zitadutsa, ndinapempha mpata wolankhula. Ndinati ya bokosi timasonkha mosanyinyirika. Bwanji tisakhale ndi thumba lina lobwereketsa dipoziti, kuti munthu atuluke mumdima muja akuyenda ndi miyendo yake?

Atcheyamani athu ndi bambo wachikulire, anafika kuno koyamba nthawi ya TEBA, bungwe lolemba anthu ntchito ya kumigodi, lisanasiye kulemba Amalawi mu 1988. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Alembi, mwalankhula bwino. Koma maliro sanama. Munthu akafa tonse timamuona. Wamoyo mukamupatsa R2,000 lero, mawa mumva kuti ali ku Cape Town, nambala wasintha. Gulu lino lakhala zaka zonsezi chifukwa ndalama yake ili ndi ntchito imodzi. Mukaipatsa ntchito ziwiri tidzayambana, ndipo tsiku la maliro m'thumba mudzapezeka muli mbee."

Ambiri anagwedeza mutu movomereza, ndipo sindinganene kuti bamboyo ananama. Ndi magulu angati a chipereganyu amene tawaona akutha chifukwa cha ngongole? Amene anatembenuza nkhani ndi amayi athu osunga chuma. Iwowa amagwira ntchito ya m'nyumba ndipo amagona konko, m'kachipinda ka kuseri kwa abwana.

"Bambo, ine pano ndikuoneka ngati ndili pabwino. Koma adona akangoti ntchito yatha, tsiku lomwelo nyumbanso yatha. Ndidzalowera kuti ndi zikwama zanga? Kapena ndidikire kufa kuti gulu lindione?"

M'galajamo munangoti zii. Kenako aliyense anayamba kulankhula nthawi imodzi, mpaka mwini galaja anatikumbutsa kuti aneba ake si a Chichewa.

Pomaliza tinamanga mfundo iyi. Thumba la maliro silikhudzidwa. Ofuna okha aziponya R50 pamwezi m'thumba lachiwiri. Wobwereka abwere ndi anthu awiri a m'gulu omuimira, ndipo ndalama asapatsidwe m'manja, tizikapereka tokha kwa mwini nyumba. Za keyala ndiye zinavuta kuposa za ndalama. Ena anakana kwamtuwagalu kulembetsa kumene amagona: nanga kabukuko katagwera m'manja mwa apolisi, kapena mwa magulu aja othamangitsa alendo? Mantha amenewo si opeka. Amene analipo mu May 2008, pamene anthu 62 anaphedwa, sanaiwale. Tinamvana kuti keyala isalembedwe m'kabuku, koma aliyense akhale ndi anthu awiri odziwa khomo lake lenileni, nsanjika yake, komanso ngati usiku amakhoma geti ndi amene amasunga kiyi.

Mphwanga anali mmodzi mwa oyamba kubwereka. Ine ndi mayi akunyumba tinamuimira. Pano ali m'chipinda cha kuseri ku La Rochelle ndi anzake awiri, mpopi uli panja, chitseko chimatsegukira pabwalo. Tsopano amalipira tekisi, ndipo mbali yachiwiri ya denga la mayi ake inachedwa, moti mlongo wanga anandifunsapo ngati mwanayo wayamba mowa. Malo ake akale aja analowamo wina tsiku lomwelo.

Atcheyamani R50 saponya nawo, koma mwezi uliwonse amafunsa kuti abweza ndi angati. Mmodzi anasamukadi osatsanzika ngongole ili pakati, monga ananenera, ndipo omuimira ake akubweza uku akung'ung'udza. Thumbalo ndi laling'ono, limakwanitsa munthu mmodzi pakapita miyezi ingapo, pamene mayina ndi ambiri. Amene ali pamwamba tsopano ndi mayi wa ana awiri wokhala m'fakitale yakale ku Jeppestown. Dipoziti yake inakwana kale. Vuto n'lakuti mwini nyumba aliyense amene tamufikira, akangomva za ana, akuti chipinda chatengedwa dzulo. Amene mukudziwa chipinda chosapitirira R1,500 ku Turffontein, Rosettenville, La Rochelle kapena Malvern, kumene sakana ana, mundipeze ku msonkhano wa mwezi ukubwerawu, kapena muuze aliyense wa m'gulu.